Mayi wa makatoni a mkaka ndi hatchi yake yotuwa: yankho kwa achemwali a ku Suffolk

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akugwira ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi Newmarket, tauni ya mahatchi a mpikisano m'dera la Suffolk ku England. Akuti mmawa uliwonse basi yawo imaima kudikira mahatchi awoloke msewu, mzere wautali, ndipo agogo ena amene amawasamalira, omwe ankagwira ntchito m'makola a mahatchi ali mnyamata, sakhala tsiku osatchula dzina la mayi wina, Kirsten Rausing, ndi hatchi yake Alpinista. Funso lawo ndi ili, ndalifupikitsa: kodi mayi ameneyu pali chimene anachita ndi manja ake kapena ndi ndalama za agogo ake zimene zikuthamanga pabwalopo, ndipo kodi zonsezi si juga chabe ya anthu osowa kopita nazo ndalama? Kumapeto anawonjezera kuti iwo amatumiza ndalama kumudzi zogulira mbuzi koma achimwene awo amangogulitsa, khola silikula, nde akamaona za mahatchizi mtima umawawawa.

Achemwali, zikomo pondilembera, ndipo ndiyankha motalika ndithu chifukwa nkhani ya mayi ameneyu ndakhala ndikuitsatira kwa nthawi ndipo imandikhudza.

Tiyambe ndi ndalamazo poti ndi pamene pagona mtima wanu. Ndalama zilipo, zambirimbiri, ndipo sanazipange iye. Agogo ake aamuna, Ruben Rausing, ndi amene anayambitsa kampani ya Tetra Pak ku Lund m'dziko la Sweden mu 1951. Mukatenga katoni ya mkaka uja wokhalitsa kapena ya juwisi musitolo, kaya ku Suffolk kaya ku Lilongwe, muisuzumire kunsi kapena m'mbali, nthawi zambiri mupeza dzinalo. Amene anatulukira kapaketi koyamba ka makona anayi kaja anali wantchito wawo, Erik Wallenberg, mu 1944, koma bizinesi inali ya Ruben. Ndipo nzeru yeniyeni ya bizinesiyo sinali katoni yokhayo ayi, inali yoti fakitale ya mkaka ikatenga mashini awo iyenera kumagulanso pepala lopangira makatoniwo kwa iwo omwewo, chaka ndi chaka, nde mungoganiza makatoni angati amatsegulidwa padziko lonse mmawa umodzi. Kenaka anapeza njira yoti mkaka uzikhala miyezi osawonongeka popanda filiji, zimene ife a kumene magetsi amathimathima timazidziwa ubwino wake. Mwa ana a Ruben, Gad ndi Hans ndi amene anayendetsa kampaniyo, mu 1995 Gad anagula gawo la Hans, ndipo lero eni ake a Tetra Laval, kampani yaikulu imene Tetra Pak ili pansi pake, ndi ana atatu a Gad: Kirsten amene ndi woyamba kubadwa, mu 1952, ndi alongo ake Finn ndi Jörn. Ndi mayi wa mabiliyoni, osati a kwacha.

Nde pamenepo mukunena zoona. Munthu wotere akanatha kukhala phee moyo wake wonse osagwira kanthu. Koma chimene chimandichititsa chidwi ndi choti anayamba za mahatchi ali ndi zaka 15, pafamu ya agogo akewo yotchedwa Simontorp kummwera kwa Sweden, ndipo atakula sanathamangire kugula famu yake, anapita kaye ku Ireland kukagwira ntchito kwa Captain Tim Rogers pa Airlie Stud, amene nthawi imeneyo anali katswiri pankhani yosunga mahatchi amphongo obereketsa. Anakaphunzira ntchito pa mwini ntchito. Mu 1980, ali ndi zaka 28, ndi pamene anagula Lanwades Stud, ku Moulton, pafupi pomwepo ndi pamene inu mukukhala, mwina mumadutsapo osadziwa. Bambo ake anali moyo mpaka 2000 ndiye chuma chamasiye chinali chisanagawidwe, komabe tisanamizane, mwana wa Rausing akapunthwa sagwera pamwala ngati mmene angagwere mwana wa mlimi wa mtedza ku Mchinji. Chimenecho ndikuvomera ndi mtima wonse.

Kuti mumvetse chimene anachita muyenera kudziwa kaye mmene uwetu umayendera, chifukwa kuweta mahatchi a mpikisano ndi ntchito yochedwa mochititsa mantha. Mahatchi amenewa, amtundu wa thoroughbred, onse amalembedwa m'buku la mibadwo limene linayamba ku England mu 1791, ndipo mukatsata kuchimuna onse amakathera kwa amphongo atatu okha amene anachokera kumaiko a Aluya ndi Turkey zaka zoposa 250 zapitazo, Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Lamulo lake ndi loti yaikazi ikweredwe ndi yamphongo mwachilengedwe, zobaya umuna ngati mmene alangizi amachitira ndi ng'ombe zamkaka ndi zoletsedwa, mwana wobadwa choncho salembedwa m'buku. Yaikazi imakhala ndi bere pafupifupi miyezi 11 ndipo imaswa kamwana kamodzi pachaka, zikayenda bwino, chaka china imapita padera kapena osagwira n'komwe. Kumaiko akumpoto hatchi iliyonse amaiwerengera kuti yakwanitsa chaka pa 1 January ngakhale itabadwa mu May, kumwera monga ku South Africa ndi pa 1 August, nchifukwa chake aliyense amafuna kamwana kabadwe koyambirira kwa chaka kuti kasachepe pakati pa anzake. Kamwanako kayamba kuthamanga kali ndi zaka 2 kapena 3, ndipo ena ubwino wawo umaoneka ali ndi zaka 4 kapena 5. Ndiye kuwerengera, chiganizo chimene wapanga lero choti yaikazi iyi ipite kwa yamphongo iyo, yankho lake ulimva patatha zaka zinayi kapena zisanu, ndipo ngati unalakwitsa wataya zaka zonsezo, palibe ndalama imene ingafupikitse bere la hatchi.

Poyamba zinamuyendera msanga. Yamphongo yoyamba pa Lanwades inali Niniski, ndipo mwa ana ake oyambirira munatuluka Petoski, amene anaswetsa ndi Kirsten yemweyo ngakhale pothamanga anali wa Lady Beaverbrook, ndipo Petoski anawina King George VI and Queen Elizabeth Stakes ku Ascot mu 1985. Koma nkhani imene agogo anuwo amaikonda ndikukhulupirira ndi ina, inayamba chaka chomwecho mwakachetechete.

Mu December 1985 pa okushoni ya Tattersalls, pomwepo mu Newmarket, panabwera kahatchi kakakazi kotuwa dzina lake Alruccaba, kochokera m'khola la Aga Khan wachinayi, woweta mahatchi wotchuka, amene ankachepetsa ziweto zake. Kanali katawinapo kampikisano kamodzi kakang'ono ku Brighton, basi. Kirsten ndi mnzake Sonia Rogers, mkazi wa bwana wake wakale uja, anakagula pa magini 19,000, gini imodzi ndi paundi imodzi ndi mapeni asanu, ndalama yakale imene pa okushoni ya mahatchi akuwerengerabe mpaka lero, ndiye inali pafupifupi mapaundi 20,000. Kwa inu ndi ine ndi ndalama yaikulu, koma taonani zimene zinkachitika nthawi imeneyo. Chaka chomwecho cha 1985 ku Keeneland ku America kamwana ka chaka chimodzi kotchedwa Seattle Dancer kanagulidwa madola 13.1 miliyoni kasanathamangeko olo kamodzi, ndipo mu 1983 kena, Snaafi Dancer, kanagulidwa madola 10.2 miliyoni koma sikanalowe mpikisano ngakhale umodzi moyo wake wonse, kubereka nakonso kunali kovuta. Anthu a ndalama ankapikisana kukweza manja pa ana amphongo odula, mayi uyu anagula kamsoti kamene ambiri anakadutsa.

Anaona chiyani? Anaona kumene kanachokera kuchikazi. Alruccaba ukamutsata kwa mayi ake, kwa agogo ake, kupita m'mbuyo, umakafika kwa Mumtaz Mahal, yaikazi yotuwanso yobadwa mu 1921 ya Aga Khan wachitatu, imene inali ndi liwiro loopsa ndipo m'mbumba yake munatuluka mahatchi otchuka ngati Nasrullah ndi Shergar. Apa achemwali ine ndimamwetulira nthawi zonse, chifukwa anthu a mahatchi akamati banja la hatchi amatanthauza kuchikazi, mayi, agogo aakazi, mayi wa agogowo, ndendende mmene ife kwathu timawerengera mbumba. Yamphongo imabwera ngati mkamwini, imasiya mbewu ndikupita, chaka chamawa kubwera ina, koma mudzi ndi wa akazi. Yamphongo yotchuka imatha kukwera zazikazi zoposa 100 pachaka ndipo aliyense wa ndalama akhoza kulipira kuti yake ikweredwe, koma yaikazi yabwino ili ndi mwini mmodzi ndipo moyo wake wonse mwina ikupatsa ana khumi kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye chuma cha woweta chili mwa zazikazi zimene wasankha kusunga.

Alruccaba anabereka ana aakazi amene anasintha mbiri ya famuyo. Last Second anawina Nassau Stakes ku Goodwood mu 1996, Alleluia anawina Doncaster Cup mu 2001, koma amene tikumutsata ife ndi Alouette. Alouette anabereka Alborada, amene anawina Champion Stakes ku Newmarket kawiri motsatizana, 1998 ndi 1999, kugonjetsa amphongo, kenaka anabereka mng'ono wake Albanova amene mu 2004 anawina mipikisano itatu yapamwamba kwambiri ku Germany. Albanova anabereka Alwilda. Apa ndi pamene ine ndimapereka ulemu, chifukwa Alwilda sanali wodabwitsa, anali wabwino pang'ono pa mitunda italiitali, anawina kampikisano kapakatikati ku Germany, osafika pa mayi ake ngakhale pang'ono. Woweta wopupuluma akanati mtundu wayamba kutha mphamvu, gulitsani. Iye anamusunga, ndipo mu 2016 anamutumiza kwa Frankel, hatchi ija imene inathamanga ka 14 osagonjako, imene imakhala ku Banstead Manor kufupi ndi kwanuko, ndipo nthawi imeneyo kukweretsa kamodzi kunali mapaundi 125,000. Apa ndiye ndalama za makatoni zija zinagwira ntchito, sindikubisa. Mu 2017 kunabadwa Alpinista, wotuwa ngati mayi ake, ngati agogo ake, ngati Alouette, ngati Alruccaba. Utuwawu sulumpha mbadwo, hatchi siingakhale yotuwa ngati kholo limodzi silotuwa, nde mtundu womwe uja wa kamsoti ka 1985 umaoneka ndi maso pa mdzukulutuvi wake. Mayina onsewa akuyamba ndi Al, ndi mmene banja limeneli amalitchulira.

Ndisanafike pa tsiku lalikulu ndikufuna ndikuuzeni za mayi wina, kuti muone chimene ndalama pazokha zimachita. Dorothy Paget anabadwa mu 1905, mwana wa Lord Queenborough, ndipo mayi ake anali a banja la Whitney la ku America, chuma chosaneneka. Ameneyu ankakonda mahatchi zenizeni, sindimunyoza, ndipo mahatchi ake anawina mipikisano yoposa 1,500. Golden Miller wake anawina Cheltenham Gold Cup kasanu motsatizana kuyambira 1932 mpaka 1936, ndi Grand National mu 1934, mbiri imene palibe waifika. Koma Golden Miller anachita kugula, ndipo anali mfule, sakanasiya mbewu. Pa mahatchi othamanga pabwalo losalala, lopanda mipanda yodumpha, anamwaza ndalama pa ana odula, mmodzi wotchedwa Colonel Payne anamugula pa magini 15,000 m'zaka za m'ma 1930 koma sanabweze. Ankasintha aphunzitsi a mahatchi pafupipafupi, anayambana ndi Basil Briscoe amene anamuphunzitsira Golden Miller itagwetsa wokwera pa Grand National ya 1935, ankagona masana kudzuka usiku, ndipo ankabetcha ndalama zoopsa. Anaswetsako Straight Deal amene anawina Derby ya 1943, ija inachitikira ku Newmarket chifukwa cha nkhondo, ndiye sikuti kuweta sankakudziwa. Koma anamwalira mu 1960 ali ndi zaka 54 zokha, famu yake ya Ballymacoll ku Ireland inagulidwa ndi Michael Sobell, ndipo zipatso zazikulu za famuyo, monga Troy amene anawina Derby mu 1979, anadyerera ndi ena. Ndikamawerenga za mayi ameneyu ndimamva chisoni, anali ndi zonse koma ankaoneka wosungulumwa ndipo mtima wodikira analibe.

Kirsten ndi wosiyana pamenepo. Banja la Al lija ambiri mwa iwo anawapereka kwa mphunzitsi mmodzi, Sir Mark Prescott wa ku Heath House mu Newmarket momwemo, amene wakhala pantchitoyi kuyambira 1970 ndipo khola lake ndi la mahatchi 50 okha pomwe anzake ena amasunga mazana. Anaphunzitsa Alborada, anaphunzitsa Albanova, Alwilda, kenaka Alpinista, ndiye kamwanako pofika pakhomo pake iye n'kuti akudziwa kale khalidwe la mayi ake ndi agogo ake, kuti banja ili limachedwa kukhwima, osalikakamiza. Ndipo zinaterodi. Alpinista ali ndi zaka 2 ndi 3 anali wabwino koma osati woti dziko limudziwe. Ali ndi zaka 4, mu 2021, Prescott anamutengera ku Germany njira yomwe anayenda agogo ake, anawina itatu yapamwamba, ku Berlin, ku Cologne ndi ku Munich, ndipo wa ku Cologne uja, Preis von Europa, ndi womwewo umene Albanova anawina zaka 17 m'mbuyomo. Anthu ambiri ku England sanazitenge ngati kanthu poti amaona ngati mipikisano ya ku Germany ndi yofewa, mpaka hatchi imene Alpinista anaigonjetsa ku Berlin, Torquator Tasso, inapita ku Paris miyezi iwiri yotsatira ndikukawina Prix de l'Arc de Triomphe, mwachidule Arc, mpikisano waukulu kuposa yonse ku Ulaya.

Apa panalinso mayeso ena. Yaikazi ya zaka 4 yowina itatu yapamwamba, ambiri akanaipumitsa pomwepo iyambe kubereka, chifukwa chaka chilichonse pabwalo ndi mwana mmodzi wotayika komanso ikhoza kuthyoka mwendo. Anaisiya ithamange chaka china. Mu 2022 inawina Grand Prix de Saint-Cloud ku France, inawina Yorkshire Oaks ku York, kenaka pa 2 October inalowa Arc uja ku Longchamp mu Paris, mamita 2,400, mahatchi 20, mvula ikukhuthuka moti okwera anafika kumapeto matope okhaokha. Ndinaonera vidiyo yake kambirimbiri ndipo nthawi zonse thupi limachita tsembwe, chifukwa akulowa mu mzere womaliza ena onse akukwapula ndi kukankha koma Luke Morris, wokwera amene zaka zambiri ankangodziwika ndi timipikisano tating'ono ta usiku m'nyengo yozizira, wangokhala phee pamsana pa hatchi yotuwa, sanaifunse kanthu. Ataimasula inapita, Vadeni wa Aga Khan anayesa kuithamangira koma anatsala ndi theka la thupi la hatchi, Torquator Tasso wachitatu. Taganizani, amene anakhala wachiwiri ndi khola lomwe lija linagulitsa Alruccaba. Yaikazi ya zaka 5 inali isanawineko mpikisanowu chichokereni Corrida mu 1937. Kirsten anagula Alruccaba ali ndi zaka 33, tsiku limeneli anali ndi zaka 70, Prescott 74. Zaka 37, mibadwo inayi. Ndipo mwezi wa September chaka chomwecho Eldar Eldarov, wobadwiranso pa Lanwades kubanja lomwelo, anali atawina St Leger ku Doncaster.

Nde kuyankha funso lanu loyamba, ndalama za agogo zinagula malo, msipu, madokotala a ziweto, zinalipira Frankel, ndipo koposa zonse zinamupatsa mpata wodikira osapanikizika ndi ngongole kapena fizi ya ana. Koma anthu a ndalama ngati zake mu masewerawa alipo ambiri, mafumu a ku Dubai, a ku Qatar, a ku Saudi, ndipo ena ataya mamiliyoni kufuna Arc osaipeza, a ku Japan akhala akuisakasaka kuyambira 1969 mpaka lero. Chimene ndalama sizinagule ndi diso limene linaona Alruccaba ndi mtima umene unasunga Alwilda. Ine pamenepo ndimati ndi mlimi weniweni, wobadwira pabwino inde, koma mlimi.

Za juga. Mpikisano wa mahatchi ku Britain umayenda ndi kubetcha, ndi zoona, mbali ina ya ndalama za mphotho imachokera ku msonkho umene makampani obetchetsa amalipira, ndipo mashopu obetchera amene mukuwaona mu High Street awononga mabanja ambiri, chimodzimodzi mmene kubetcha mpira pafoni kukuwonongera anyamata kwathu. Ndikukupemphani musayambe, olo agogowo akuuzeni kuti hatchi yakuti siingagonje. Koma woweta sapeza ndalama pobetcha. Amapeza pogulitsa ana a chaka chimodzi pa okushoni, polipiritsa anthu obweretsa zazikazi kwa amphongo ake, pa Lanwades pakhala amphongo odziwika ngati Selkirk, Hernando amene anali mwana wa Niniski ndiponso bambo wa Alwilda, ndi Sea The Moon, kenaka mphotho ngati zabwera. Mphotho ya wopambana Arc ya 2022 inali pafupifupi mayuro 2.8 miliyoni, kwa iye si ndalama yosintha moyo. Ngati pali juga ndi juga ya mlimi aliyense, kubzala osadziwa ngati mvula ibwera.

Pali zina zimene sindingakubisireni poti zimandivuta mumtima. Mahatchi ambiri obadwa chaka chilichonse sawina kanthu, ena safika n'komwe pabwalo, ena amathyoka miyendo pothamanga ndikuphedwa pomwepo chifukwa fupa la hatchi likaphwanyika kuchira ndi kovuta. Kumbuyo kwa Alpinista mmodzi kuli mazana amene mayina awo palibe akuwakumbuka. Ndipo anthu amene mumawaona mmawa aja atakwera pamzere, amene amadzuka mdima kukolopa m'makola kukuzizira koopsa, ambiri ndi obwera ngati inu, ochokera ku India, Pakistan, Brazil, kummawa kwa Ulaya, malipiro awo ndi ochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyama imene agwira chingwe chake. Agogo anu amene mukuwasambitsawo anapereka msana ndi mawondo awo ku ntchito imeneyo. Mukamawamva akutchula Alpinista ndi chimwemwe dziwani kuti akunyadira ntchito ya anthu ngati iwo, amene anagona m'khola usiku umene Alwilda ankaswa. Ndipo funso loti n'chifukwa chiyani banja limodzi likhale ndi chuma chotere pomwe inu mukugwira mashifiti awiri kuti mugule mbuzi, limenelo ndi funso lachilungamo ndipo luso la mayiyu pa mahatchi silikulifafaniza.

Mbali ina ya chumacho amaibweza, ndinene poti ndi zoona. Anakhazikitsa bungwe lotchedwa Alborada Trust, dzina la hatchi ija, limene limathandiza kafukufuku wa matenda a anthu ndi a ziweto. Ku Cambridge kuli malo ofufuza mankhwala a matenda oiwalaiwala a okalamba otchedwa ALBORADA Drug Discovery Institute, matenda omwewo amene inu mukulimbana nawo tsiku ndi tsiku pantchito, komanso kuli thumba la Cambridge-Africa ALBORADA Research Fund limene limapereka ndalama kwa ofufuza a ku Africa ogwira ntchito limodzi ndi a ku Cambridge. Kwathu mahatchi ndi osowa, kupatula ochepa chabe, ndipo chifukwa china ndi matenda, a kashembe ndi aja a African horse sickness ofalitsidwa ndi tizilombo touluka toluma, amenenso akhala akuvutitsa a ku South Africa kugulitsa mahatchi awo kunja.

Tsono za mbuzi zanu. Sindikufuna kuweruza achimwene anu ndisanamve mbali yawo, chifukwa munthu amene ali kumudzi mwana akadwala kapena feteleza akafunika amagwira mbuzi imene ili pafupi, ndipo imene ogula amaifuna ndi yonenepa yooneka bwino, nthawi zambiri msoti womwe uja umene ukanakulitsa khola. Kusiyana kwa iwo ndi mayi Rausing ndi kumeneko, wina ali ndi mpata wokana wogula, wina alibe. Ndiye musangowakalipira pa WhatsApp. Afunseni kuti mwa mbuzi zonse ndi iti imene imaswa mapasa, imene ana ake safa, imene ili ndi mkaka wambiri, mugwirizane kuti imeneyo ndi ana ake aakazi sizigulitsidwa zivute zitani, zogulitsa zikhale atonde ndi zokalamba, ndipo tonde wokwera muzisintha pakapita nthawi kuti asamakwere ana ake omwe. Kenaka inuyo mbali ya ndalama imene mumatumiza muipatule ikhale ya mavuto adzidzidzi, mwina isungidwe ndi munthu wina wapabanja, kuti tsiku la chipatala likafika pakhale pogwira posakhala pakhosi pa msoti. Popanda kandalama kameneko pangano lililonse lidzasweka mwezi wa February.

Alpinista anayenera kukathamanga komaliza ku Japan Cup mu November 2022 koma anavulala pang'ono pokonzekera ndipo anamupumitsa, anabwerera kwawo kukayamba kubereka, woyamba kumukwera anali wamphongo wotchuka dzina lake Dubawi. Inu muli ndi mwayi umene ine ndilibe, muli pomwepo. Tsiku lina la ofu mudzuke mmawa mupite pa Warren Hill mukaime m'mbali mwa msewu muone akukwera chitunda, mpweya ukutuluka utsi m'mphuno, ndipo kumapeto kwa November kapena koyambirira kwa December mukafike ku Tattersalls nthawi ya okushoni ya zazikazi. Mukapeze buku la malonda, tsamba lililonse ndi hatchi imodzi, bambo amangomutchula pamwamba koma tsamba lonse kutsika mmunsi ndi mayi woyamba, mayi wachiwiri, mayi wachitatu ndi ana awo. Ngati a pantchito angalole muwatengeko agogowo pa wilitcheya, akakuwerengereni tsambalo ndi pakamwa pawo, ndipo mudzandilembere zimene akakuuzeni.